Makasitomala a mawebusaiti mumawapeza kuti, anzanga?

Tadala: Moni nonse m'gulu muno. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete, koma lero ndati ndilankhule poti zandifika pakhosi. Ine ndi mnzanga tinatsegula kabizinesi kopanga mawebusaiti kuno ku Area 25 mu Januwale. Tinalembetsa kwa Registrar General, TPIN (nambala ya msonkho ya ku MRA) tili nayo, timakhadi ta bizinesi tinasindikiza 200. Pano yatha miyezi isanu ndi iwiri, ntchito zomwe tagwira ndi ziwiri zokha. Imodzi ndi ya amalume anga amene amagulitsa zipangizo zomangira ku Mchesi, ndipo sanatipatse kalikonse, ati ndife ana awo. Inayo ndi ya kutchalitchi kwathu. Pa Facebook timaika mapositi tsiku lililonse, anthu amafunsa mtengo, tikawauza basi ziii. Inu amene mwakhalitsa pa ntchitoyi, makasitomala mumawapeza kuti? Kapena tingosiya tikayambe kugulitsa kaunjika?

Kondwani: Kaunjikayonso ikufuna forex, achemwali. Musathawireko, khalani konkuno tizivutikira limodzi.

Limbani: Takulandirani a Tadala. Ndisanayankhe, tandiuzani kaye: pa mapositi anuwo mumalembapo chiyani? Koperani limodzi muliike pano momwe lilili.

Tadala: Timalemba m'Chingerezi kuti timapanga mawebusaiti amakono, okongola, otseguka bwino pafoni, okhala ndi SEO (zothandiza kuti azipezeka msanga pa Google), pamtengo wotsika. Pansi pake timaika nambala.

Limbani: Ndimadziwa. Inenso mu 2013 ndinkalemba zomwezo mawu ake omwewo, ndipo ndinatha chaka ndikudya bonya wa ngongole. Tamverani. Munthu wogulitsa simenti ku Mchesi sagona tulo chifukwa cha mitengo ya katundu, lendi ya shopu ndi anyamata omuba. Palibe tsiku limene amadzuka n'kunena kuti lero ndikufuna SEO. Ndiye inu mukamuuza zimenezo, kwa iye zili ngati mukumugulitsa jekete mu Okutobala.

Chachiwiri, chimene ambiri a ife sitifuna kumva: mabizinesi ambiri a m'tauni muno safunikira webusaiti panopa. Anthu amene amawagula amakhala ndi bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook basi. Muwatumizire linki ya webusaiti, siitseguka, chifukwa bandulo yawo siilola. Mayi wogulitsa zitenje akaika katundu pa status amagulitsa tsiku lomwelo. Mukamuumiriza webusaiti, akupatsani ndalama kamodzi, aona kuti palibe chasintha, kenako aziuza anzake onse kuti zinthu zimenezi n'zakuba.

Funso loti muzidzifunsa ndi ili: ndani amene womugula wake ali kutali, ndipo amayamba wamufufuza pa Google asanatulutse ndalama? Amenewo ndiwo anu. Malo ogona alendo kunyanja, poti mzungu wa ku Germany sangapeze status ya WhatsApp ya munthu wa ku Cape Maclear. Mabungwe ang'onoang'ono amene amapempha thandizo kunja, poti wopereka ndalama amayamba waona ngati bungwelo lilipodi. Masukulu olipira, makamaka amene makolo ake ena ali ku Joni kapena ku UK. Makampani opikisana pa matenda, amene amachita manyazi kulemba adiresi ya Gmail pa kalata yopita ku unduna. Ogulitsa zinthu kunja, monga khofi, uchi, mtedza wa makademiya. Pitani kumeneko ndi miyendo yanu. Facebook isiyeni ikhale chikwangwani chabe.

Mayi Nabanda: Ndilowererepo ine amene sindipanga mawebusaiti koma ndinagulapo. Ndimaphika makeke ndi kukongoletsa malo a maukwati kuno ku Blantyre. M'gulu muno anandilowetsa ndi mwana wa mchemwali wanga kuti ndizifunsa zikandivuta. Zimene akunena a Limbanizi n'zoona, ndinazionera pa thupi langa.

Mnyamata wina anabwera kushopu atavala bwino, laputopu m'manja, n'kundiuza kuti bizinesi yopanda webusaiti ndi yakufa. Ndinamupatsa ndalama zonse kamodzi. Anapangadi, inali yokongola, zithunzi zikuyenda zokha pamwamba. Koma pafoni yanga inkatenga nthawi moti ndimatha kuthira madzi m'ketulo isanatseguke. Chikomekome cha mkuyu. Chaka chonse sindikumbuka munthu ngakhale mmodzi amene anati ndakupezani pa webusaiti. Chaka chitatha inangozima. Ndikuimbira mnyamata uja, nambala siikupezeka. Ndinapita kwa wina kuti andidzutsire, iye n'kundiuza kuti dzina la webusaitiyo analembetsa m'dzina lake mnyamata uja, ine mwini ndilibe mphamvu iliyonse. Zomata pagalimoto ndi timapepala tonse ndinali nditasindikizapo kale dzina limenelo.

Ndiye mwana wanga Tadala, ukamagogoda pamakomo udziwe kuti ambiri a ife tinapsa kale. Sikuti timakana iweyo, timakana uja anabwera iwe usanafike.

Tadala: Pepani kwambiri mayi. Ndiye panopa munthu atabwera, angakuuzeni chiyani kuti mumukhulupirire?

Mayi Nabanda: Amene ndikugwira naye pano sanandiuze chilichonse chachikulu. Anabwera kudzagula keke ya mwana wake, n'kundifunsa kuti bwanji shopu yanga siikuoneka pa Google Maps. Anatenga foni yanga, tinakhala limodzi pabenchi, anandilembetsa, anajambula chitseko ndi makeke atatu amene anali pashelefu, anaika nthawi yotsegulira ndi nambala. Sanandilipiritse. Patapita masabata angapo anthu anayamba kuimba akuti takuonani pa mapu, ena ochokera ku Lilongwe okonza ukwati kuno. Pamenepo ndine ndinamufuna ndekha. Anandipangira tsamba limodzi lokha, zithunzi, mitengo yoyambira, ndi batani lobiriwira lopita ku WhatsApp yanga. Ndamutumizira anzanga anayi a m'gulu lathu la banki m'khonde.

Kondwani: Mwamva a Limbani? Zaulere zimagwira ntchito. Inu mumangoti dipoziti, dipoziti.

Limbani: Aise, usandisokoneze. Kulembetsa munthu pa Google Business Profile ndi ntchito ya theka la ola, ndipo Google salipiritsa. Imeneyo ndi nyambo, ndipo ndi nyambo yabwino. Chimene ndimakana ine ndi kupanga webusaiti yonse ya masamba khumi munthu asanatulutse tambala, ati tione kaye ngati itisangalatse. Ndinachitapo kwa sukulu ina, masabata atatu usiku ndi usana. Anaiona, anaiyamikira, anati komiti ikhala pansi. Komitiyo mpaka lero ikadali pansi. Patapita miyezi ndinapeza mawu onse amene ndinawalembera ali pa webusaiti ina yopangidwa ndi mphwake wa mkulu wina wa pasukulupo.

Kondwani: Ine ndimapanga tsamba loyamba lokha, ndimaika dzina lawo ndi zithunzi zochokera pa Facebook yawo, n'kupita kukawaonetsa pafoni. Silikhala pa intaneti, ndimangojambula. Munthu akaona dzina la bizinesi yake litakhala bwino, nkhope imasintha. Maola awiri okha ndi Elementor, pulogalamu yopangira masamba a webusaiti. Pa anthu khumi mwina awiri amavomera. Kwa ine n'zokwanira.

Thoko: Nonse awiri mukunena chinthu chimodzi, kungoti mumakonda kukangana. Kulawitsa ndi kwina, kuphikira munthu mphika wonse ndi kwina.

Wongani: Moni kuchokera ku Mzuzu. Ndikufuna ndifotokoze za malo ogona alendo poti ndi amene amandidyetsa ine. Kasitomala wanga woyamba weniweni ndinamupeza ku Nkhata Bay. Ndinakwera minibasi Loweruka m'mawa ndi foni yokha, nditalemba papepala malo asanu ndi atatu amene ndinawafufuza usiku. Pa aliyense ndinali nditaona vuto lake lenileni. Ena webusaiti inalipo koma Chrome imalemba kuti "Not secure" pamwamba, kutanthauza kuti si yotetezeka, chinthu chimene chimakonzeka ndi satifiketi yaulere ya bungwe la Let's Encrypt. Ena mitengo inali ya zaka zinayi zapitazo. Ena fomu yosungitsira chipinda imatumiza uthenga ku imelo imene palibe amaitsegula.

Pamalo ena ndinapeza mwini wake ali pakhonde akuwerengera mabotolo ndi mnyamata wa pabala. Sindinanene kuti ndimapanga mawebusaiti. Ndinati, bwana, ndinayesa kusungitsa chipinda pa webusaiti yanu Lachitatu, kodi uthenga wanga munaulandira? Anati ayi. Ndinamupatsa foni kuti ayese yekha. Analemba dzina lake, anadina, tinadikira, pafoni yake sipanafike kanthu. Anaika mabotolo pansi. Anandifunsa kuti zakhala chonchi kuyambira liti, ine ndinati sindingadziwe, koma aliyense amene anakulemberani m'nyengo imeneyi anaganiza kuti simuyankha.

Kenako ndinamufunsa kuti alendo ambiri amabwera kudzera kuti. Anati Booking.com, webusaiti yosungitsirapo zipinda. Ndinati, nanga pa chipinda chilichonse amakudulani zingati? Iye mwini ndiye anayamba kudandaula za komishoni. Apo ntchito yanga inali itatha, anadzigulitsa yekha. Sindinamuuze kuti achoke ku Booking.com, kumeneko n'kumene alendo atsopano amamupezera. Ndinangoti mlendo wobwera kachiwiri, kapena wotumizidwa ndi mnzake, azisungitsa kwa inu mwachindunji. Tsiku limenelo ndinabwerera ndi theka la ndalama pa Airtel Money, ndipo anandidyetsa batala wowotcha.

Malo enawo asanu ndi awiri? Atatu eni ake kunalibe, awiri anati ali naye kale wowapangira, mmodzi anandithamangitsa ngati ndabwera kudzapempha ntchito ya ulonda. Wotsalayo anandiimbira patatha miyezi isanu, atamva kwa woyamba uja. Eni malo a kunyanja amadziwana onse, ukalakwira mmodzi walakwira gombe lonse.

Tadala: A Wongani, nkhani yanuyi yanditsegula maso. Ife timangodikira kuti munthu atipeze. Koma kunena zoona ine ndimachita mantha kulowa mu ofesi ya munthu osaitanidwa. Pageti pomwe alonda amakufunsa kuti muli ndi apointimenti?

Wongani: Mantha sadzatha, mumangopita nawo. Ndipo mlonda ndi sekilitale musawaderere. Apatseni moni bwinobwino, afunseni dzina, mukabweranso muwatchule dzinalo. Iwowo ndi amene amadziwa kuti abwana amapezeka nthawi yanji ndiponso ngati lero adzuka bwino.

Thoko: Njira ina yosafuna kulimbana ndi alonda: Trade Fair ya pa Chichiri imene amakonza a MCCCI, bungwe la amalonda ndi eni mafakitale. Simukufunika kulipira malo oonetserapo. Lowani ngati munthu wamba, yendani sitandi iliyonse, tolani timapepala tawo. Mukafika kunyumba tisanjeni patebulo. Kalikonse kamene kali ndi adiresi ya Gmail kapena Yahoo, kapena kali ndi webusaiti yoti mukaitsegula siikugwira, ameneyo ndi munthu woti mumuimbire. Analipira sitandi, ndiye kuti ndalama yodzitsatsira ali nayo ndipo amaona kufunika kwake. Mukamuimbira mumayamba ndi kuti tinakumana ku Trade Fair, ndinalawa uchi wanu. Simulinso mlendo.

Ine ndimagwira kwambiri ndi mabungwe. Kumeneko chimene amafuna si kukongola. Amafuna malo oikapo malipoti a pachaka, mayina a bodi, zithunzi za ntchito yawo kumudzi, ndi umboni woti analembetsa ku CONGOMA (mgwirizano wa mabungwe amene si aboma) ndi ku boma. Nthawi yabwino yowapeza ndi pamene akulemba pempho la thandizo, poti fomu zambiri zimafunsa adiresi ya webusaiti. Koma konzekerani mapepala: koteshoni yolembedwa bwino, invoisi, TPIN, akaunti ya kubanki ya bizinesi osati yanu. Ndipo musadzadabwe ndalama ikabwera yoperewera. Amadula msonkho wotchedwa withholding tax n'kukapereka ku MRA, inu mumatenga satifiketi yake. Ulendo wanga woyamba ndinakalipa kwa akauntanti wa bungwe lina kuti wandibera, anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa ngati mwana wa sitandade 1. Manyazi ake sindidzaiwala.

Yamikani wa ku Joni: Ndawerenga zonse. Ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi. Ndikuwonjezereni msika umene simukuuona muli kumudziko: Amalawi a kuno. Alipo onyamula katundu kuchokera kuno kupita ku Blantyre, Mangochi ndi Mzimba, alipo osoka, okonza mafiriji, omanga. Wonyamula katundu vuto lake lalikulu ndi kukhulupiridwa, poti anthu anaberedwapo kwambiri. Akakhala ndi tsamba loonetsa galimoto zake, masiku onyamuka, pamene amakwezera katundu ndi pamene amatsitsira, amaoneka munthu wokhazikika. Ndipo amalipira ma rand. Opanga mawebusaiti a kuno ndi odula kwa iye, komanso amafuna munthu woti akambe naye Chichewa.

Kondwani: Nanga Upwork ndi Fiverr, misika ya pa intaneti yopezerapo maganyu akunja, achimwene? Anthu pa YouTube amati ndalama zili mbwee.

Yamikani wa ku Joni: Ndinayesa. Fiverr amadula 20% pa ntchito iliyonse, ndipo ukupikisana ndi anthu a ku India, Pakistan ndi Bangladesh amene ali ndi ndemanga mazanamazana, iwe ulibe ngakhale imodzi. Sindikuti n'zosatheka, koma munthu amene sanapezebe kasitomala ku Area 25 asayambire kumeneko. Kwanu muli ndi chinthu chimene wa ku Lahore alibe: mutha kukwera kabaza n'kukakhala pampando wa mu ofesi ya munthuyo. Komanso magetsi akathima pakati pa ntchito, wa ku Kanengo amvetsa poti nayenso ali mumdima womwewo. Wa ku Texas samva zimenezo.

Tadala: Pa nkhani ya mtengo ndiye pamene timagwera. Tikatchula, amati pali mnyamata wina amapanga ndi K50,000. Ena amati mwana wanga apanga yekha pa Wix (tsamba lodzipangirapo webusaiti), ena akuti masiku ano ChatGPT imapanga zonse.

Limbani: Wa K50,000 musapikisane naye, mudzafa ndi njala nonse awiri. Ine ndimangoti, chabwino bwana, mufunseni mafunso atatu: dzina la webusaiti alembetsa m'dzina la ndani, chaka chamawa mudzalipira zingati, ndipo ikadzagwa Lamlungu mudzaimbira ndani. Ambiri amabwerera. Ena amabwerera patatha chaka ngati mmene anachitira mayi Nabanda, ndipo amenewo amakhala makasitomala okhulupirika kuposa onse.

Za mwana wopanga pa Wix kapena ndi ChatGPT, n'zoona, atha kupanga. Chovuta pa ntchito yathuyi sichinakhalepo kudina mabatani. Chovuta ndi kukhala pansi ndi mwini bizinesi n'kumutulutsa m'kamwa zimene amagulitsa, kumulembera m'mawu omveka, kumujambulira zithunzi zoona m'malo moika azungu akumwetulira mu ofesi ya magalasi, kuchepetsa zithunzizo kuti zisamadye bandulo ya munthu, kenako kukhalapo chaka chamawa. Mwana uja akapita ku koleji, zonse zimaima.

Koma chimene ndikufuna muchigwire kwambiri ndi cha ndalama zakunja, poti chinatsala pang'ono kunditseketsa bizinesi. Hosting (malo osungirapo webusaiti pa intaneti) ndi ma domain (mayina a mawebusaiti) ambiri timalipira m'madola. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25%, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44%. Ine ndinali nditalonjeza anthu khumi ndi awiri mtengo umodzi wa zonse, ena zaka ziwiri. Ndinadzuka m'mawa ndikupeza kuti ndikuwalipirira ndine kuchokera m'thumba mwanga. Onjezani kuti khadi la kubanki nthawi zina limakana kulipira kunja chifukwa cha kusowa kwa forex, iwe ukuona tsiku lothera domain ya kasitomala likuyandikira. Panopa koteshoni yanga imakhala ndi mizere iwiri yosiyana. Kupanga ndi mtengo wa kamodzi, theka poyamba theka pomaliza. Zapachaka ndi mzere wake, ndipo ndimalemba poyera kuti udzatsata mtengo wa dola wa nthawi imeneyo. Koteshoniyo imagwira masiku 14 okha.

Wongani: Zapachakazo ndiye bizinesi yeniyeniyo. Kupanga kumabwera mwa apo ndi apo ngati mvula ya chizimalupsa. Koma ukakhala ndi anthu makumi awiri okulipira kusamalira mawebusaiti awo, lendi umaidziwa pochokera. Ine mwezi uliwonse ndimawatumizira uthenga waufupi: mwezi uno anthu akuti anatsegula tsamba lanu, akuti anadina batani la WhatsApp, kodi mitengo yasintha? Uthenga umenewo ndi umene umandibweretsera ntchito zatsopano, chifukwa munthu akafunsidwa ndi mnzake kuti ndani angandipangire, dzina limene lili pamwamba pa WhatsApp yake ndi langa.

Kondwani: Funso lapambali. Pa dzina la webusaiti, mumawalangiza lothera ndi .mw kapena .com?

Thoko: Zimatengera. Ya .mw imayendetsedwa ndi a Malawi SDNP, ndipo kwa bungwe kapena kampani yofuna kuoneka kuti ndi ya kuno, imakhala bwino. Kwa malo ogona alendo ambiri ndimaika .com poti alendo anaizolowera. Ndimawauza mitengo yonse iwiri asankhe okha. Chachikulu n'chakuti iliyonse ilembedwe m'dzina la mwini bizinesi, imelo yake, ndipo mawu achinsinsi muwapatse papepala tsiku lopereka ntchito.

Kondwani: Mukawapatsa zonse si ndiye athawira kwa wina?

Mayi Nabanda: Iwe Kondwani, ukufuna ukhale ngati uja anandithawa ine? Munthu womumanga ndi chingwe amangodikira tsiku loti achidule. Wanga wa panopa anandipatsa envelopu yokhala ndi zonse, ili m'kabati limodzi ndi mapepala a nyumba. Sindinaitsegulepo, ndipo sindinaganizepo zopita kwina.

Kondwani: Ndamva mayi, ndagonja. Ndimangofunsa.

Limbani: Chinanso a Tadala, ntchito ziwiri munagwira zija musazipeputse. Ya kutchalitchi ija, pansi pake munalembapo dzina la bizinesi yanu? Mu mpingo muli aphunzitsi aakulu, eni makiliniki, ogwira ntchito m'mabungwe. Pemphani abusa kapena mlembi kuti polengeza za webusaitiyo atchule kuti anapanga ndi ana a mumpingo momwemo. Ndipo amalume anuwo, poti ndalama akana, akulipireni ndi pakamwa. Akutengeni akakuonetseni kwa anzawo atatu amene amapikisana pa matenda. Amenewo amafuna imelo ya dzina la kampani ndi mbiri ya kampani yoti aziphatikiza pa mapepala a PPDA, bungwe loyang'anira matenda a boma. Yambani ndi zimenezo, webusaiti idzatsatira.

Tadala: Pa ya kutchalitchi sitinalembepo, tinkaona ngati n'kudzikweza pa zinthu za Mulungu.

Limbani: Amene anamanga tchalitchicho analipidwa, ndipo aliyense akumudziwa. Kalembenipo, timalemba tating'ono pansi penipeni.

Yamikani wa ku Joni: Komanso webusaiti yanuyanu ilipo? Ndaifufuza koma sindikuipeza.

Tadala: Ikumangidwa, achimwene.

Kondwani: Telala woyenda ndi buluku long'ambika! Musadandaule, tonse m'gulu muno athu akumangidwa kuyambira 2019.

Yamikani wa ku Joni: Sekani, koma imalizeni sabata ino. Tsamba limodzi: ndinu ndani, nkhope zanu zioneke, ntchito ziwiri zija, ndi batani la WhatsApp. Munthu wa kuno asanakutumizireni ma rand adzayamba wakufufuzani ngati mmene inu mukuwauzira ena kuti amafufuzidwa.

Tadala: Ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Tinasankha masukulu olipira, poti kunyanja thiransipoti yatikanika. Tinalemba masukulu khumi ndi limodzi a ku Area 25, Area 49 ndi Area 18, tinafufuza lililonse usiku ngati mmene ananenera a Wongani. Ambiri pa Google Maps akuoneka pamalo olakwika, lina likuoneka pakati pa dambo. Tinayenda masiku anayi. Kwina sitinadutse pageti. Kwina anatiuza kuti tisiye kalata, tikudziwa kumene ikathere.

Pa sukulu ina ya pulayimale tinapeza mayi mwini wake akukangana pafoni ndi kholo limene linasochera pofuna kudzaona sukuluyo. Tinadikira amalize, mnzanga n'kuwaonetsa pamene mapu akuwaika. Anagwira pakamwa. Tinakonza pomwepo pempho losintha malowo, sitinatchule ndalama. Lachisanu anatiitana okha. Akufuna tsamba loonetsa fizi, masiku otsegulira, yunifolomu ndi fomu yolembetsera ana, chifukwa makolo ena ali kunja ndipo amawavutitsa usiku ndi mafunso omwewomwewo. Atipatsa theka pa Mpamba. Manja anga ankanjenjemera polemba lisiti.

Funso langa: akufuna tiikepo zithunzi za ana ndi mayina a amene anakhoza bwino mayeso a sitandade 8, ndi mapointi awo. Tingoika?

Thoko: Mwayamba bwino, zikomo potibweretsera nkhani. Pa za anazo dekhani. Tili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo za ana n'zofunika kusamala kwambiri. Auzeni mayiwo alembe kakalata kopempha chilolezo kwa makolo, asayine, makalatawo asungidwe kusukulu. Amene kholo lake lakana, asaoneke. Ine ndimakonda zithunzi za gulu, ana ali m'kalasi kapena pabwalo, popanda dzina pansi pa nkhope. Za mayeso ikani kuti analemba angati, anakhoza angati, anasankhidwa angati kupita ku sekondale za boma. Kholo lofuna sukulu limafuna manambala amenewo, dzina la mwana wa eni silikulifuna. Fomu yolembetsera ija nayonso isamafunse zambiri zosafunika, ndipo muonetsetse kuti ikufika ku imelo imene wina amaitsegula tsiku lililonse.

Wongani: Ndipo muiyese fomuyo pamaso pawo, pafoni yawo, asanakupatseni theka lotsalalo.

Limbani: Domain m'dzina la sukulu, osati lanu. Mukamaliza muwafunse mayiwo kuti pa eni masukulu anzawo ndani amene angafune zomwezi, ndipo awaimbire okha inu muli pomwepo. Nanga amalume aja zinatha bwanji?

Tadala: Kwa anzawo sanatitengebe, akuti atanganidwa. Koma nditawakumbutsa za malipiro anatuma mnyamata kudzatula matumba awiri a simenti pakhomo. Mayi anga akuti tisagulitse, akufuna akonzere khonde.

Kondwani: Pa mtengo wa simenti wa masiku ano, amalumewo ndiye kasitomala wanu wamkulu mpaka pano. Afunseni ngati akufunanso app.